Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mzinda wa Harare: konzani Mbare popanda kubalalitsa anthu ake

Kwa Olemekezeka a Meya a mzinda wa Harare, makhansala onse, a Nduna yoona za maboma aang'ono ndiponso a Nduna yoona za nyumba,

Ndikupatsani moni mwaulemu waukulu, ndipo ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo pamodzi ndi mabanja anu. Ine amene ndikulemba ndine mmodzi mwa achikulire obadwira ku Mbare, dera lakale la mzinda uno, mwana wa mchona wochokera ku Nyasaland, ndipo ndakhala ndikuchemerera timu ya mpira ya Dynamos chiyambire unyamata wanga. Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndime 6 ya malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 imachiwerenga pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komanso chifukwa ndikufuna kuti abale athu a ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, m'mafamu, m'migodi ndi kumudzi ku Malawi amve nawo zimene tikukupemphani.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mndandanda wa zinthu zimene zagwera Mbare motsatizana. Mu Okutobala 2024 moto unanyeketsa msika wa Mbare Musika ndipo amalonda ambirimbiri anataya mpamba wawo usiku umodzi wokha. Kumapeto kwa chaka chomwecho Khoti Lalikulu linalamula kuti mahositelo a ku Mbare akonzedwe kuti akhale malo oyenera kukhalamo anthu, pambuyo poti bungwe la anthu okhala mumzinda uno linakadandaula. Mu 2025 nkhani ya nsikidzi za m'mafulati inamveka dziko lonse, ndipo ena anaisandutsa nthabwala pa intaneti pamene ana a eni ake ankachezera usiku kudzikanda. Pakati pa zonsezi timamvanso kawirikawiri mawu a atsogoleri akuti mafulatiwo agwetsedwe, pamangidwe zatsopano. Mawu amenewa amatipatsa chiyembekezo ndi mantha nthawi imodzi, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndifotokoze kumene manthawo akuchokera.

Mbare inakhazikitsidwa mu 1907 monga malo ogona anthu akuda ogwira ntchito mumzinda wa Salisbury, ndipo kwa zaka zambiri inkatchedwa Harari, dzina limene mzinda wonse unadzalandira mu 1982. Ambiri mwa anthu oyamba kukhalako anali obwera kuchokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anayenda pansi kudutsa ku Tete, ena anakwera magalimoto a Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ndipo ambiri mwa iwo sanabwererenso kwawo. Mahositelo a Matapi, Matererini, Nenyere ndi Shawasha anamangidwira amuna okhaokha, chifukwa boma la atsamunda linkafuna manja a munthu wakuda koma silinkafuna mkazi wake kapena ana ake m'tauni. Ufulu utabwera malamulo a chitupa anatha, akazi ndi ana analowa m'zipinda zija, koma mipope, zimbudzi ndi makoma zinakhala zomwe zija za amuna osakwatira. Apa ndi pamene panayambira vuto limene muli nalo m'manja lero, ndipo palibe amene angakunenezeni kuti ndinu munaliyambitsa. Chimene tikudandaula n'chakuti lakhala m'manja mwa khonsolo kwa zaka zoposa 40 osathetsedwa.

Ndikudziwa kuti mukamva ife ochemerera mpira tikulankhula za Mbare yakale, mwina mumaganiza kuti ndi nkhalamba zongolirira unyamata wawo. N'zoona kuti tikakumana pamaliro kapena m'basi timakumbutsana masiku a George Shaya, amene anasankhidwa kasanu kukhala katswiri wa chaka, ndiponso zothyola za Moses Chunga. Timakumbutsana kuti Dynamos inabadwa mu 1963 n'kutenga ligi chaka chomwecho, komanso kuti mu 1998 inafika mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa, kumene inagonja kwa ASEC Mimosas ya ku Côte d'Ivoire. Koma palibe mmodzi mwa ife amene amalakalaka fungo la m'makonde a ku Matapi, kapena mzere wa m'mamawa pa chimbudzi chimodzi, kapena nsalu yotchinga pakati pa bedi la makolo ndi mphasa ya ana. Amene anakulira m'zimenezi sangazikometse, ndipo ine sindizikometsa.

Chimene timachilira ndi kuyandikana kumene kunalipo pakati pa nyumba, bwalo ndi anthu. Lamlungu masana munthu ankachoka kutchalitchi, n'kudya nsima, n'kuyenda pansi kupita ku bwalo la mpira la Rufaro osalipira basi, ndipo m'njira monse gulu linkakula chifukwa pa chitseko chilichonse pankatuluka wina wovala zabuluu. Amene analibe ya pachipata ankamva chigoli ali pawindo la chipinda chake, chifukwa mfuu ya ku Vietnam, mbali ija ya bwalo kumene kumakhala masapota a DeMbare (dzina lina la Dynamos), inkafika m'mafulati monse. Osewera amene tinkawaombera m'manja tinkakumana nawo pamsika ndi pa mpope, ndipo mwana womenya chikulunga kuseri kwa buloko ankaona ndi maso ake kuti njira yochokera pafumbi kukafika pa kapinga ndi yaifupi. Amayi ogulitsa chimanga chootcha ndi mtedza ankapeza ya sukulu ya ana pa masewero a Lamlungu. Kwa ife ana a machona bwalo linali ndi tanthauzo lina lapadera. M'misewu tinkatchedwa mayina onyoza okumbutsa kumene makolo athu anachokera, koma pa Vietnam panalibe wofunsa mtundu wa mnzake. Kumeneko Mchewa, Myao, Msena, Mzezuru ndi Mmanyika ankaimba nyimbo imodzi, ndipo ambiri a ife tinayamba kudzimva kuti ndife a dziko lino tili pa masitepe a bwalolo. Pa bwalo lomweli ndi pamene mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa usiku wa pa 17 Epulo 1980 kulowa pa 18, ndipo anthu a m'mahositelo anali m'gulu la mboni zake.

Dandaulo langa loyamba ndi la nyumba zenizenizo. Aliyense amene walowa m'mabuloko a Matapi kapena Nenyere posachedwapa akudziwa kuti madzi a zonyansa amayenderera m'makonde ndi panja pamene ana amasewera, mawindo ambiri alibe magalasi, nthambo za magetsi zili pamtunda, ndipo chipinda chimene chinamangidwira amuna ochepa tsopano chimagona mabanja angapo. Zotsatira zake mzinda uno unaziona kale. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, taifodi inabuka ku Mbare kumapeto kwa 2016, ndipo mu 2018 kolera inabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro. Matendawa amatsata madzi oipa ndi mapaipi ophulika, ndipo madokotala a khonsolo yanu yomwe akhala akunena zimenezi kwa zaka. Ndime 77 ya malamulo aakulu imapatsa munthu aliyense ufulu wa madzi abwino ndi aukhondo. Anthu a m'mafulati amauzidwa kuti sakulipira lendi, ndipo n'zoona kuti ambiri ali ndi ngongole, koma kumakhala kovuta kuumiriza mayi kulipirira mpope umene sutulutsa madzi. Wina ayenera kuyamba, ndipo woyenera kuyamba ndi mwini nyumba.

Dandaulo lachiwiri ndilo lalikulu kwa ine, ndipo ndikhalapo pang'ono. Timaopa kuti mawu akuti kukonzanso Mbare adzathera pa kuchotsa anthu a ku Mbare. Mantha amenewa sitinawatole m'maloto. Mu Meyi 2005 ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina inagwetsa nyumba za kuseri ndi misika m'mizinda yonse, ndipo nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Mbare inali pakati pa madera amene anavulala kwambiri. Anthu anauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo, koma mdzukulu wa mchona analibe mudzi woti apiteko, chifukwa kumudzi kwa agogo ake ku Dedza kapena ku Mangochi sanapondeko chibadwire. Ambiri anakathera ku Caledonia, ku Hopley ndi ku Epworth, kutali ndi msika umene unkawadyetsa, kutali ndi mpingo wawo, kutali ndi mabungwe awo othandizana pamaliro. Ndikawaona lero anzanga aja amene tinkaima nawo pa Vietnam, ambiri sabweranso ku mpira. Chikondi cha timu akadali nacho, koma ulendo wa makombi awiri kupita ndi awiri kubwerera, kuphatikiza ya pachipata, ndi ndalama ya ufa wa sabata.

Olemekezeka, nyumba yatsopano ya zipinda zitatu imene ili makilomita 25 kunja kwa mzinda ikhoza kuoneka bwino papepala, koma kwa mayi amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukapikula tomato ku Mbare Musika nyumba yotero ndi njala. Kwa mmisiri wosula zitsulo ku Magaba ndi kutha kwa ntchito, ndipo kwa wogulitsa kaunjika ku Mupedzanhamo n'chimodzimodzi. Anthu amapirira m'mafulati chifukwa moyo wawo wonse uli pamtunda woyenda pansi. Mbare ili pafupi kwambiri ndi pakati pa mzinda, ndipo sitili ana kuti tisadziwe kuti malo otere amakopa maso a anthu andalama. Ngati mabuloko adzagwetsedwa anthu asanalembedwe, n'kumangidwa ena a lendi imene wogulitsa masamba sangaikwanitse, Mbare idzakhala yoyera ndi yokongola, koma okhalamo adzakhala ena. Mudzakhala mwasamutsa umphawi kuupititsa kumene alendo a boma sauona. Tikauzidwa kuti tituluke kaye ndipo tidzaitanidwa nyumba zikatha, timakumbukira mawu a makolo akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndime 74 ya malamulo aakulu imaletsa kutulutsa munthu m'nyumba mwake kapena kuigwetsa popanda chilolezo cha khoti, ndipo tikuyembekeza kuti ndime imeneyi idzalemekezedwa ku Matapi monga momwe ingalemekezedwere ku dera la anthu olemera la Borrowdale.

Dandaulo lachitatu likukhudza mabwalo. Ndiyambe ndi kuyamika kuti Rufaro inatsegulidwanso mu 2024, ndipo tsiku limene DeMbare inabwerera kwawo anthu akuluakulu anagwetsa misozi. Koma tisaiwale njira imene tinadutsa. Kapinga wochita kupanga amene anayalidwa ndi thandizo la FIFA anasiyidwa mpaka kutha ntchito ndipo anachotsedwa mu 2017. Mgwirizano wokonza bwaloli ndi kampani ya Sakunda Holdings unasokonekera mu 2022 ntchito isanapite patali. Bwalo linakhala lotseka kwa zaka zingapo, mpaka mu 2023 Dynamos inafika pochitira masewero ake a pakhomo ku Barbourfields mumzinda wa Bulawayo, pamtunda wa makilomita oposa 400, pa bwalo la Highlanders amene ndi opikisana nawo akale. Mwana wa ku Mbare amene anali ndi zaka 8 pamene bwalo linkatsekedwa anafika pa msinkhu wa sekondale asanaonepo timu ya kwawo ikusewera kwawo. Ku Highfield bwalo la Gwanzura, limene ochemerera CAPS United amalikumbukira monga momwe ife timakumbukirira Rufaro, lakhala zaka zambiri osachititsa masewero a ligi yaikulu. Nayo timu ya dziko ya Warriors inafika polandirira alendo ake ku Rwanda ndi ku South Africa chifukwa bungwe la mpira mu Africa la CAF linakana mabwalo athu.

Komabe chimene chimandiwawa koposa ndi mabwalo aang'ono a fumbi, aja amene ku Mbare timawatchula ndi manambala, ndi mipata ya pakati pa mabuloko. Osewera amene dziko limanyadira sanaphunzire mpira pa kapinga wa Rufaro. Anaphunzirira pa malo opanda mwini amenewa, opanda nsapato, akuyang'aniridwa ndi aphunzitsi odzipereka amene sankalandira kanthu. Lero malo ambiri otere asanduka poimika magalimoto, potayira zinyalala kapena pomanga timashopu, ndipo zimachitika pang'onopang'ono moti palibe tsiku limene munthu angaloze kuti bwalo linafa lero. Kale khonsolo inali ndi antchito oyang'anira masewero ndi makalabu a achinyamata m'maholo ake, ndipo Mai Musodzi Hall ndi Stodart Hall zinali malo amene mwana ankapitako akaweruka kusukulu. Tonse tikudandaula za mankhwala ozunguza bongo amene akumaliza anyamata a m'mafulati, ndipo apolisi amabwera n'kugwira ena. Koma mnyamata amene alibe ntchito, alibe bwalo, ndipo kunyumba alibe ngakhale pokhala pansi, madzulo ake akathera kuti? Luso likadalipo ku Mbare, ndipo umboni wake ndi nyimbo za achinyamata zimene zinatulukira mu situdiyo ya Chillspot mkati mwa Matapi momwemo n'kufalikira dziko lonse.

Dandaulo lachinayi ndi la ife ana ndi adzukulu a obwera. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya anthu ambiri obadwira muno ali opanda dziko, ndipo zitupa zawo zinkawasonyeza ngati alendo. Ndime 43 ya malamulo a 2013 inabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma si onse amene anakwanitsa kusintha mapepala, makamaka okalamba, amasiye ndi ana amene makolo awo anamwalira opanda chitupa. Kuwonjezera apo, zipinda zambiri za m'mahositelo zikadali m'dzina la bambo kapena agogo amene anamwalira kalekale, ndipo amene akukhalamo ndi ana awo kapena anthu ochita lendi kwa ena. Tsiku limene kaundula wa olandira nyumba zatsopano adzalembedwa potengera mabuku akale a khonsolo okha, anthu amenewa adzakhala oyamba kutsala panja, ngakhale makolo awo ndi amene anasesa misewu ya mzinda uno, kuphika m'makhitchini ake ndi kunyamula katundu m'mafakitale ake.

Pa zifukwa zimenezi ndikupereka mapempho otsatirawa, m'dzina langa ndi la anzanga ambiri amene takhala tikukambirana nkhaniyi.

1. Khonsolo ndi maunduna okhudzidwa atsatire chigamulo cha Khoti Lalikulu, ndipo alengeze poyera ndondomeko yosonyeza buloko imene iyambe kukonzedwa, tsiku loyamba ntchito, tsiku loimaliza ndi kumene ndalama zichokere. Ndondomekoyo imatidwe pa makoma a mabuloko ndi m'maholo, m'zilankhulo zimene anthu a kumeneko amalankhula.

2. Madzi, zimbudzi, mapaipi a zonyansa ndi kuchotsa zinyalala zisadikire mapulani aakulu a zaka zam'tsogolo. Zimenezi zikonzedwe tsopano, mvula isanagwe.

3. Njerwa ngakhale imodzi isanagwetsedwe, pachitike kalembera wa khomo ndi khomo wa anthu amene akugonadi m'chipinda chilichonse, mothandizana ndi nthumwi zosankhidwa ndi okhalamo eni ake. Kalemberayo asayendetsedwe ndi chipani chilichonse, ndipo munthu asafunsidwe khadi la chipani kuti alembedwe. Kusowa chitupa kusakhale chifukwa chomusiyira munthu kunja. M'malo mwake a ofesi ya kalembera wa mzika abwere ku Mbare komweko adzathandize okalamba ndi ana amasiye kupeza mapepala awo.

4. Banja lililonse lolembedwa lipatsidwe chikalata chosainidwa cholonjeza kuti lidzabwerera ku Mbare, pa lendi imene wogulitsa pamsika angaikwanitse. Ntchito ichitike buloko imodzi imodzi, ndipo osamutsidwa kwa kanthawi asungidwe m'dera lomwelo kuti ana asasiye sukulu ndipo makolo asasiye malonda. Ngati pali mgwirizano uliwonse ndi makampani omanga, uonetsedwe kwa anthu usanasainidwe.

5. Mabwalo onse a masewero a ku Mbare ndi ku Highfield alembedwe m'mabuku a khonsolo monga malo osagulitsidwa ndi osasinthidwa ntchito, aikidwe zigoli, ndipo amene anawalanda achotsedwe mwa lamulo atapatsidwa malo ena ochitira malonda awo. Gwanzura ipatsidwe tsiku lenileni lotsegulira.

6. Ndalama zimene khonsolo imadula pa zolowa za pachipata ku Rufaro zilengezedwe chaka ndi chaka, ndipo gawo lake lodziwika libwerere kukasamalira bwalolo ndi kukathandiza mpira wa ana a m'deralo. Amayi ogulitsa zakudya pa tsiku la masewero apatsidwe malo ovomerezeka m'malo mothamangitsidwa.

7. Mbiri ya Mbare isungidwe. Ngati mabuloko ena sangapulumuke, imodzi ikonzedwe ndi kusiyidwa kuti adzukulu adzaone mmene agogo awo ankakhalira, ndipo ku Rufaro kukhale chipinda chosungiramo zithunzi, mayunifolomu ndi mayina a osewera ndi a magulu a ochemerera. Achikulire amene akudziwa nkhanizi akutha chaka ndi chaka, ndipo George Shaya tinamutaya mu 2021. Ajambulidwe mawu akadali moyo.

Pomaliza ndikupempha kuti muitanitse msonkhano wa poyera ku Stodart Hall kapena ku Mai Musodzi Hall, pa tsiku Loweruka limene anthu ogwira ntchito angathe kufika, ndipo mubwere nokha m'malo motuma oimira. Kukhale okhala m'mahositelo, amalonda, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi a mpira wa ana ndi magulu a masapota a matimu onse, pakuti nkhaniyi si ya Dynamos yokha. Musanalowe mu holo, tikupempha kuti muyende nafe pansi kuchokera ku Matapi kudzera ku Magaba mpaka ku Rufaro, kuti zimene talemba muno mudzionere nokha. Yankho lanu tidzalilandira ndi manja awiri, kaya mwa kalata kaya pa msonkhanowo, ndipo tidzaliwerenga poyera kwa onse amene awerenga kalata ino.

Ine wanu mwaulemu,

Wochemerera mpira wobadwira ku Mbare